Kapangidwe ka vision board yoti isangokhala chokongoletsa khoma

Chaka chikamapita kumapeto pa intaneti pamangoti mbwee zithunzi za ma vision board, uyu wamata galimoto, uyu nyumba ya magalasi okhaokha, uyo ndege ikunyamuka, mpaka munthu umayamba kuona ngati ukapanda kupanga yako ndiye kuti chaka chatsopanocho chakudutsa chisanayambe n'komwe. Ine ndimapanga chaka chilichonse ndipo ndimaikonda zedi, koma ndikufuna ndikuuzeni mmene ndimapangira panopa, chifukwa yoyamba imene ndinapanga inali yokongola kwabasi koma sinandithandize olo pang'ono.

Kwa amene simunamvepo, vision board ndi chikatoni kapena chipepala chachikulu chomwe munthu amamatapo zithunzi ndi mawu osonyeza zimene akufuna kukwaniritsa, n'kuchipachika pamalo poti azichiona tsiku ndi tsiku. Basi. Si mankhwala, si matsenga. Alipo ena amaphunzitsa kuti ukamangoyang'anitsitsa chithunzi ndi mtima wonse zinthuzo zimabwera zokha, ine zimenezo ayi sindigwirizana nazo. Ntchito ya bodi ndi kukukumbutsa zomwe unagwirizana ndi mtima wako tsiku lija unali ndi mphamvu, kuti tsiku lotopa usaiwale.

Pa bodi yanga yoyamba ndinamatapo munthu atavala gauni ya graduation chifukwa ndinkafunitsitsa kubwerera kusukulu. M'mawa uliwonse ndinkaima n'kumayang'ana gauni ija, mtima n'kumamva kukoma ngati ndaivala kale, kenako n'kupita kokagwira ntchito zanga. Fomu yofunsira malo inali mu envulopu pansi pa mabuku, ndinkati ndidzalemba mawa, ndidzalemba mawa, tsiku lomwe ndinaitulutsa ndinapeza tsiku lomaliza kulandira mafomu linadutsa sabata ziwiri zapitazo. Zinandiwawa kwambiri. Gauni inali pakhoma, koma fomu, yomwe inali chinthu chenicheni choti ndigwire ndi manja, panalibe paliponse pomwe inkaoneka.

Pambuyo pake ndinadzadziwa kuti vuto limeneli akatswiri a kaganizidwe ka munthu analifufuzapo. Mu 1999 Lien Pham ndi Shelley Taylor a ku yunivesite ya California ku Los Angeles anatenga ophunzira omwe ankakonzekera mayeso, ena anawauza kuti tsiku lililonse aziyerekeza m'maganizo atakhoza bwino, ena anawauza kuti aziyerekeza ali pa tebulo akuwerenga, nthawi yake, malo ake, buku lili m'manja. Amene ankadziona akuwerenga ndi amene anawerengadi kwambiri ndipo anakhoza kuposa anzawo aja. Nayenso Gabriele Oettingen wa ku New York University wakhala zaka zambiri akufufuza nkhani yomweyi ndipo anapeza kuti kulota zokoma zokhazokha kumachepetsa mphamvu zochitira chinthucho, thupi limamasuka ngati ntchito yatha kale. Ndiye bodi yomwe ndikuphunzitseni pano ili ndi zithunzi za komwe mukupita inde, koma malo ambiri atengedwa ndi njira yokafikira kumeneko.

Choyamba musagwire sizasi, gwirani cholembera. Pezani ola limodzi muli nokha, foni ikhale patali, mutenge kope ndipo muyambe ndi chaka chimene chikuthachi. Ndi chani chinayenda bwino? Ndi chani mumati muchita koma simunachite, ndipo chinakulepheretsani n'chiyani kwenikweni? Ndalama zanu zambiri zinapita kuti, nanga nthawi? Ndi tsiku liti munagona mtima uli m'malo, munachita chani tsiku limenelo? Lembani zoona zokhazokha, palibe amene akuchongeni. Mukatero tsegulani tsamba lina mulembe chilichonse chomwe mukulakalaka chaka chikubwerachi, thanzi, ndalama, sukulu, ntchito, bizinesi, banja, moyo wauzimu, luso lomwe mwakhala mukulisirira, musadziletse, olo zikwane 30 zilembeni.

Tsopano pakubwera povuta, kudula. Mwa zonsezo musankhe zitatu, zikachulukitsa zisanu. Ndikudziwa zimawawa chifukwa chilichonse chimaoneka chofunika, koma paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, munthu mmodzi yemweyo simungayambe sukulu, kutsegula bizinesi, kuphunzira chilankhulo chatsopano, kuthamanga m'mawa uliwonse, kumanga nyumba ndi kuphunzira gitala chaka chimodzi chomwecho. Zotsalazo sizinatayike, zili mu kope, zidikire nthawi yake.

Posankhapo cholinga chilichonse muchifunse funso ili, kodi pakanakhala kuti palibe munthu adzadziwe kuti ndakwanitsa, ndikanachifunabe? Funso limeneli limagwetsa zinthu zambiri. Mupeza kuti galimoto ija mumaifuna chifukwa mnzanu anaika yake pa Facebook, kosi ija ndi makolo amene amaifuna osati inu, pomwe chinthu chomwe chikukusowetsani tulo ndi ngongole yomwe simunailembe n'komwe chifukwa siyooneka bwino pa chithunzi. Ikani ngongoleyo. Bodi ndi yanu, si ya alendo.

Chachiwiri, cholinga chilichonse chikhale ndi nambala ndi tsiku. Edwin Locke ndi Gary Latham, omwe anafufuza nkhani ya zolinga kwa zaka zambirimbiri, anapeza kuti cholinga chotchulika bwino komanso chovutirapo chimamugwiritsa munthu ntchito kuposa kungoti ndiyesetsa mmene ndingathere. Ndiye m'malo molemba kuti ndikufuna kusunga ndalama, lembani kuchuluka kwake ndi mwezi womwe zikhale zitakwana, kenako gawani ndi 12 ngati mumalandira pamwezi kapena ndi 52 ngati mumapeza pa sabata, nambala yaing'ono yatulukayo ndi imene ikupita pa bodi ndi zilembo zikuluzikulu. M'malo moti ndiziwerenga mabuku, lembani mabuku 12, kutanthauza limodzi pamwezi, ndipo buku la masamba 240 ndi masamba 8 okha patsiku, mwaona mmene chinthu chachepera? Kuyenda mphindi 30 katatu pa sabata. Makasitomala atsopano awiri mwezi uliwonse. Fomu ya sukulu ikhale itatumizidwa pofika tsiku lakuti. Mukaona kuti nambala yapamweziyo ikuposa zomwe mungathe olo mutadzimana bwanji, chepetsani cholingacho pompano, kulibwino kuchepetsa mu Januwale kusiyana n'kutaya mtima mu Malichi.

Pali zolinga zina zomwe sizili m'manja mwanu zonse, monga kupeza ntchito, kukwatira kapena kukwatiwa, kuchira matenda. Zimenezi mutha kuziika, ndi zokhumba za mtima ndipo palibe cholakwika, koma nambala muiike pa mbali yomwe ili m'manja mwanu. Kulembedwa ntchito simungakulamule, koma makalata atatu ofunsira ntchito sabata iliyonse mungathe. Kuchira simungakuikire tsiku, koma kumwa mankhwala mu nthawi yake ndi kusajomba kuchipatala tsiku lomwe anakuuzani, zimenezo ndi zanu.

Chachitatu ndi chimene anthu ambiri amachidumpha, ndipo kwa ine ndiye mtima wa nkhani yonseyi. Pa cholinga chilichonse lembani chomwe chidzakutchingeni. Walira mvula walira matope, ngati mukufunadi chinthucho matope ake muwadziwiretu. Ndipo musathamangire kutchula anthu ena kapena mmene zinthu zavutira, yambani ndi za mkati mwanu, inuyo mumadzidziwa. Kodi ndi foni yomwe mumagona nayo mpaka 1 koloko usiku? Kodi ndi manyazi okana munthu akabwera kudzabwereka? Kodi ndi mantha oti akakukanani ndiye bola osayesa n'komwe? Oettingen uja njira yake anaitcha WOOP, kuchokera ku zilembo zoyamba za mayina achingerezi a mbali zake zinayi, zomwe ndi izi, chokhumba chako, zabwino zomwe zidzatsatire, chopinga chomwe chili mwa iwe, ndi pulani yothana nacho.

Pulaniyo muilembe mwa mtundu wa “zikatere, ndichita chakuti”. Katswiri wina, Peter Gollwitzer, anasonyeza kuti munthu amene wakonzeratu nthawi, malo ndi chochita amachitadi kusiyana ndi amene wangotsimikiza mumtima, chifukwa nthawiyo ikafika sayambanso kukambirana ndi ulesi wake, chigamulo chinapangidwa kale. Zitsanzo zake ndi izi. Malipiro akangolowa, tsiku lomwelo ndichotsa gawo losunga ndisanagule kanthu kalikonse. Ikakwana 9 koloko usiku, foni ndiika pa chaja kutali ndi bedi n'kutenga buku. Mvula ikagwa m'mawa, masewera ndipangira m'nyumba mphindi 15. Munthu akandipempha ndalama zomwe ndasunga, ndiyankha kuti ndimuuza mawa, osati pompo. Mawu amenewa ndi amene adzalembedwe pa timapepala n'kumatidwa pa bodi pafupi ndi chithunzi, ndipo mudzaona kuti ndi amene azidzakugwirani dzanja kuposa chithunzicho.

Apa tsopano tengani zipangizo, ndipo musavutike nazo. Chikatoni chophwasula bwinobwino chikukwana, kukula kwake ngati masamba anayi a A4 mutawayalika pamodzi kapena kuposerapo pang'ono, mukafuna chikuteni ndi pepala loyera kapena kansalu. Sizasi, guluu kapena selotepi, zolembera za mitundu iwiri kapena itatu, magazini ndi nyuzipepala zakale, makalendala akale. Ngati muli ndi bodi yobayapo mapini ndiye bwino kwambiri chifukwa zinthu zimasuntha mosavuta. Ine sindimata chilichonse ndi guluu wambiri, ndimangoika kaselotepi kumakona, chifukwa bodi imeneyi izisintha chaka chisanathe.

Pa zithunzi, lamulo langa ndi loti cholinga chilichonse chikhale ndi zithunzi ziwiri, chimodzi chaching'ono cha kumapeto, china chachikulu cha ntchito yake. Gauni ikhale yaing'ono pakona, chachikulu chikhale tebulo lili ndi buku lotsegula ndi nyale. Nyumba ikhale yaing'ono, chachikulu chikhale dzanja likulemba mu kabuku ka bajeti. Ndipo zithunzi zabwino koposa si za m'magazini kapena za pa Pinterest, tsamba la zithunzi la pa intaneti, ayi, ndi zomwe mwajambula nokha. Jambulani nsapato zanu zomwe zija zili pakhomo, jambulani geti la sukulu yomwe mukufuna kukalowa, jambulani makina anu osokera, jambulani nkhope ya mwana amene mukumuvutikirayo, mukatsukitse kapena kuprinta. Chithunzi cha munthu wachilendo wa thupi losalala pa gombe la nyanja sichikuuzani choti muchite mawa m'mawa, nthawi zina chimangokupangitsani kudziona operewera, pomwe nsapato zanu mukaziona mukudziwa pomwe zili ndi chomwe zikudikira.

Musaope kumata zinthu zenizeni. Chaka chotsatira chija ine ndinamata fotokope ya tsamba loyamba la fomu, pamwamba pake ndinalemba tsiku lomaliza ndi cholembera chofiira, n'kulizunguliza kawiri. Sinali yokongola ngati gauni koma inatumizidwa kutatsala sabata zitatu. Mutha kumata risiti ya ngongole yomwe mukufuna ithe, ndandanda ya maphunziro, kapepala ka kuchipatala kosonyeza tsiku lobwerera. Mawu olimbikitsa, vesi kapena mwambi womwe umakugwirani mtima, ikani amodzi kapena awiri basi, akachuluka diso silimawerenganso.

Poyala, musayambe ndi kumata. Ikani chikatoni pansi, yalani zonse, sunthani mpaka mtima ukhazikike. Chomwe chili chachikulu kuposa zonse, chija choti chikatheka chokhacho chaka mudzachitcha chabwino, chikhale pakati. Zinazo zizungulire, chilichonse ndi kagawo kake, chithunzi chaching'ono, chithunzi chachikulu, nambala ndi tsiku, ndi kapepala ka “zikatere, ndichita chakuti”. Pansi pa gawo lililonse jambulani timabokosi 12 ta miyezi, kapena 52 ngati ndi chinthu cha sabata ndi sabata, toti muzichongamo. Timabokosi timeneti musatipeputse, kuchonga kumakoma, ndipo mukaona mabokosi atatu otsatizana ali mbee simufunikanso munthu wokuuzani kuti zinthu zaima. Musiyenso malo ena opanda kanthu, mwina kotala ya bodi yonse, chifukwa chaka ndi chachitali ndipo mu Juni mudzadziwa zinthu zomwe lero simukuzidziwa.

Kopachika. Pakhale pomwe maso anu amafika mukangodzuka kapena pomwe mumavalira, molingana ndi nkhope, osati kuseri kwa chitseko chomwe chimakhala chotsegula tsiku lonse. Ngati mumakhala ndi anthu ambiri ndipo simukufuna aliyense aziwerenga za ngongole zanu, imatani mkati mwa chitseko cha wadirobu, kapena pangani yaing'ono pa masamba awiri apakati a kope lomwe mumayenda nalo. Si aliyense ayenera kuona, ena amaseka, ena amafunsa mafunso ofooketsa chinthu chikadali chanthete. Koma munthu mmodzi yekha wokhulupirika muuzeni, mutu umodzi susenza denga, ndipo mumupemphe kuti kumapeto kwa mwezi azikufunsani kuti bokosi lija mwachonga? Asankheni woti sachita nanu manyazi.

Amene mumakonda za pa foni, pulogalamu yokonzera zithunzi ya Canva ili ndi mapangidwe okonzeka kale omwe mungangoikamo zithunzi zanu, mukamaliza n'kuiika ngati wallpaper. Ubwino wake mumayenda nayo paliponse. Kuipa kwake, foni timaitsegula kambirimbiri patsiku moti pakatha sabata diso limazolowera, simuionanso, komanso pa foni pomwepo ndi pomwe pali zonse zosokoneza. Ine ndimakonda ya pakhoma chifukwa ya pa foni siungachongepo ndi cholembera, koma ngati ya pa foni ndi imene mungakwanitse pangani imeneyo, kungoti pa sikirini muziika cholinga chimodzi cha mwezi umenewo osati zonse, mwezi ukatha n'kusintha.

Nkhani yozolowera diso imachitikanso ndi ya pakhoma, pofika Febuluwale imasanduka ngati kalendala yakale yomwe aliyense amaidutsa. Mankhwala ake ndi kuigwira ndi manja. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, ine ndimachita Lamlungu madzulo, muime patsogolo pake mphindi 10 ndi cholembera, chongani zomwe zatheka, kenako pa kapepala kakang'ono lembani zinthu zitatu zokha zoti muchite sabata ikubwerayi, chilichonse ndi tsiku lake, mukamate pakati pa bodi pamwamba pa ka sabata yatha. Ikani alamu pa foni yokukumbutsani, apo ayi mudzaiwala. Zinthu zake zikhale zazing'ono zogwirika, kuimba foni kwakuti Lachiwiri, kukafunsa za fomu Lachinayi, osati “kulimbikira” chifukwa kulimbikira kulibe tsiku. Kumapeto kwa mwezi khalani nthawi yotalikirapo, sunthani zithunzi, chotsani chomwe chafwifwa, onjezani chithunzi cha pomwe mwafika.

Mudzajomba, zimenezo dziwiranitu. Kudzabwera sabata ya matenda, ya maliro, ya ntchito yothina, mabokosi adzakhala osachonga ndipo kamtima kadzayamba kunena kuti basi zalephereka, tidzayambanso chaka chamawa. Musakamvere. Phillippa Lally ndi anzake ku University College London anatsatira anthu omwe ankayesa kuzolowera chinthu chatsopano tsiku ndi tsiku, anapeza kuti pakatikati zinkatenga masiku 66 kuti chinthu chilowe m'magazi, ena masiku 18 okha, ena mpaka 254, ndipo kuphonya tsiku limodzi sikunkagwetsa ntchito yonse. Ndiye zija amanena kuti masiku 21 akukwana musadziweruze nazo, ngati pa inu zikutenga miyezi inayi palibe chachilendo. Bokosi lomwe mwaphonya musalichonge mwabodza, lisiyeni choncho, mungolemba pambali pake chifukwa chake ndi mawu awiri atatu. Pakatha miyezi itatu mukawerenga zifukwazo mudzaona kuti chimabwerezabwereza ndi chimodzi, ndipo chimenecho ndiye chofunika kapepala katsopano ka “zikatere, ndichita chakuti”.

Nthawi zina vuto si ulesi, cholingacho ndi chimene chafa. Mwina ntchito yatha, mwina kwabwera mwana, mwina mwangozindikira kuti chinthu chija simukuchifunanso. Matulani. Palibe tchimo pamenepo, kusiya chithunzi chakufa pakhoma kumangokupatsani chikumbumtima chopanda phindu m'mawa uliwonse, mpaka mumayamba kuizemba bodi yonse. Koma musamatule tsiku lomwe mwakhumudwa, dikirani tsiku lanu la kumapeto kwa mwezi, mudzifunse ngati mukuchisiya chifukwa chavuta kapena chifukwa sichilinso chanu. Ngati chavuta chabe, dulani nambala pakati mupitirize.

Ndipo ngati mukuwerenga izi Januwale atadutsa kale, kaya ndi Epulo kaya Ogasiti, pangani lero lomwe, ingowerengani miyezi yomwe yatsala n'kujambula mabokosi okwana miyezi imeneyo. Disembala akafika musaitaye msanga. Ijambuleni ndi foni mmene ilili, ndi mabokosi ake ochonga ndi osachonga omwe, kenako muitsitse muiike pa tebulo pambali pa kope lija, chifukwa mafunso oyamba aja, chinayenda n'chiyani, chinakanika n'chiyani, mayankho ake ali pamenepo olembedwa ndi dzanja lanu. Zomwe zatheka matulani muziike mu envulopu, zomwe zatsala muzifunsenso ngati mukuzifunabe, chikatonicho ngati chikadali cholimba chitembenuzeni mugwiritse ntchito kuseri kwake.